Madzi Otsika Padenga

Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa denga la malata la mamita 8 m'litali ndi 5 m'lifupi, pamatsika madzi pafupifupi malita 800, ndiwo migolo inayi yodzaza. Pamakomo ambiri a m'tauni ndi m'malo a malonda madzi onsewa amangotayika pansi, m'mawa mwake mayi n'kukaima pa mzere kukagula madzi ku mpopi. Poti malata afika ndi kumudzi komwe, nkhaniyi ikukhudzanso inu amene mukuwerenga mukudikira sikelo.

Kutchera madziwa sikufuna chuma. Lata lopinda ngati ngalande, kapena nsungwi yong'amba pakati, yomangidwa m'mphepete mwa denga, imakwanira kutsogolera madzi ku mgolo. Koma pali chinthu chimene ambiri amachinyozera. M'miyezi yonse ya chilimwe padenga pamaunjikana fumbi, zitosi za mbalame, ndowe za makoswe ndi abuluzi. Mvula ya chizimalupsa ndiyo imatsuka zonsezi, choncho madzi ake asalowe mumgolo. Ngakhale pakati pa dzinja, mvula ikayamba patapita masiku a dzuwa, dikirani denga liyambe latsukika musanatchere. Madzi ochokera pa denga la udzu ndi othirira mbewu, osati akumwa.

Mgolo nawo uyang'aniridwe. Umene munali mankhwala a mbewu kapena mafuta a galimoto usagwiritsidwe ntchito, ngakhale utsukidwe chotani. Ukhale ndi chivundikiro chokwana bwino, pakuti udzudzu ukaikira mazira m'madzi odikha, ana ake amauluka patangopita sabata imodzi kapena ziwiri. Mgolo wapululu ndi msamphanso kwa mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda. Madzi akumwa awiritsidwe mpaka kubwata, kapena athiridwe klorini monga alangizi a zaumoyo amaphunzitsira, ndi kudikira mphindi 30. Kuyera kwa madzi m'maso si umboni wakuti mulibe tizilombo.

Nanga madzi osefukira mgolo ukadzaza apita kuti? Ife oyendera zaukhondo funso ili timaliona lalikulu koposa. M'malo othithikana a m'mbali mwa mapiri, monga Ndirande ndi Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, nthaka yambiri inaphimbidwa ndi nyumba, ndipo madzi alibe polowera pansi. Amathamanga kuchoka khomo lina kupita lina, kukumba maziko, kugumula zimbudzi, ndi kutenga zonyansa kukazithira m'zitsime zosatetezedwa za anthu akumunsi. Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022, m'nyengo ya madzi osefukira a namondwe Ana ndi Gombe, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Choncho madzi a pakhomo panu amwerere pakhomo panu pomwe. Kumbani dzenje lakuya ngati mita imodzi, kutali ndi maziko a nyumba ndi chimbudzi, mulidzaze ndi miyala kapena zidutswa za njerwa, ndipo kangalande kochokera pa mgolo kathire m'menemo. Ena amalozetsa madziwo pa phando la nthochi, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino. Chimbudzi chikhale chokwezeka pakhomo pake, ndi ngalande kumtunda kwake yopatutsa madzi, ndipo chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Pamalo otsetsereka bzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka.