Thalakitala yongokhala nayonso imafuna oyilo watsopano

Kwa Chisemphere m'boma la Kasungu, thalakitala yaing'ono imagwira ntchito miyezi yochepa pachaka: kugalauza minda ya fodya mvula isanagwe, kenako kututa mitengo ya zigafa ndi mabelo. Nthawi yotsalayo imangokhala m'shedi, ndipo mwini wake amaganiza kuti oyilo akadali bwino popeza sinayende kwambiri.

Komatu oyilo amakalamba ngakhale injini ili chete. Thalakitala amaiwerengera maola, osati makilomita. Mabuku a mathalakitala ang'onoang'ono ambiri amati oyilo woyamba achotsedwe pakatha maola 50, ndipo pambuyo pake pa maola pafupifupi 200 kapena kamodzi pachaka, malinga ndi chimene chayamba kukwana. Kwa mlimi amene safikitsa maola amenewo, lamulo ndi la chakalo.

Chifukwa chake ndi chinyezi. Injini ikazizira usiku, mkati mwake mumachita timadontho ta madzi. Ikangolizidwa mphindi zochepa n'kuzimitsidwa, sitentha mokwanira kuti madziwo auluke. Amasakanikirana ndi mwaye wa dizilo n'kupanga asidi amene amadya zitsulo pang'onopang'ono. Fumbi la mu Okutobala limangowonjezera vutolo.

N'chifukwa chake oyilo ayenera kusinthidwa ntchito za chakacho zikangotha, thalakitala isanaimikidwe, osati ikamadzutsidwa. Oyilo wakaleyo atsanulidwe injini ikadali yofunda, ndipo fyuluta nayo isinthidwe. Kuisiya n'kutaya ndalama. Kuda kwa oyilo si muyeso, pakuti wa injini ya dizilo sachedwa kuda. Chofunika n'kulemba tsiku ndi maola m'kope.