Kodi Chilango Chokhwima Chingateteze Anthu Achialubino?

Mlandu wa chidani nchiyani?

Pali milandu ina imene munthu amachitiridwa chipongwe osati chifukwa walakwira wina, koma chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake kapena maonekedwe a thupi lake. M'maiko ena, monga Britain ndi America, milandu yotere ili ndi malamulo akeake ndipo chilango chake chimaposa cha milandu wamba.

Kuno kwathu chitsanzo choonekeratu ndi cha abale athu achialubino. Amene amawapha amatsogozedwa ndi dyera ndiponso bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Komabe wophedwayo amasankhidwa chifukwa cha khungu lake basi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu achialubino m'Malawi ndi oposa 134,000.

Boma linachitapo chiyani?

Nkhanzazi zinakula kuyambira kumapeto kwa 2014. Pofika mu Juni 2016, bungwe la Amnesty International linati anthu osachepera 18 anali ataphedwa. Chaka chomwecho aphungu, pokumana ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre, anakonzanso malamulo a milandu. Anakhwimitsa zilango kwa ofukula manda ndi kwa opezeka ndi ziwalo za anthu kapena ogulitsa ziwalozo, mpaka ena kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

Kodi nchilungamo kusiyanitsa milandu?

Ena amati ayi. Kupha ndi kupha, moyo wa munthu aliyense ndi wofanana, ndipo lamulo loletsa kupha linalipo kale. Iwo amaopa kuti tikayamba kupatula gulu limodzi, mawa gulu lina lidzafunanso lamulo lake.

Mfundoyi siyopanda nzeru, koma tiyeni tione mbali inayo. Mwana wachialubino akabedwa ku Machinga, mayi wa ku Kawale kapena ku Mchesi amene ali ndi mwana wotere sagona tulo. Ena amaletsa ana awo kupita kusukulu, ndipo akuluakulu amaopa kupita okha kumunda kapena kumsika. Mlandu umodzi walanda ufulu wa anthu zikwizikwi. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino, amene tinalandira mu 1994, limaletsa tsankho ndipo limalola boma kupanga malamulo othetsa kusalingana pakati pa anthu. Kotero ife tikuona kuti chilango chokhwimachi nchoyenera. Sichikweza moyo wa wina pamwamba pa wa mnzake; chikungoyesa kukula kwa choipa chimene chachitika.

Nanga lamuloli lathandiza?

Apa mpamene pali vuto. Lamulo litakhwima kale, mu 2018, MacDonald Masambuka, mnyamata wa zaka 22 wa ku Machinga, anaphedwa. Mu Malichi 2019 anthu achialubino, motsogozedwa ndi bungwe lawo la APAM, anaguba mu Lilongwe kulowera ku nyumba ya boma ya Kamuzu Palace kukapempha chitetezo. Mlandu wa Masambuka unatha mu 2022, patapita zaka zinayi. Mwa anthu 12 amene khoti linawapeza olakwa munali mchimwene wake weniweni, wapolisi, wogwira ntchito zachipatala ndiponso wansembe wa Mpingo wathu, amene analamulidwa kukhala m'ndende zaka 30. Izi nzowawa kuzinena, koma tisazibise: choipachi sichichokera kutali.

Phunziro lake nlakuti chigawenga sichiopa chilango cholembedwa m'buku. Chimaopa kugwidwa. Pamene apolisi afufuza mwachangu, mboni zalankhula mosaopa, ndipo khoti laweruza msanga, ndi pamene lamulo limakhala ndi mano.

Chifukwa cha mkwiyo, ambiri amafuna kuti opha anzawo azinyongedwa. Tikumbukire kuti m'Malawi palibe amene wanyongedwa chiyambire 1992, ndiponso kuti mu 2018 Papa Francis anatsimikiza kuti Mpingo suvomereza chilango cha imfa.

Udindo wathu

Lamulo silingalondere khomo la mnansi wathu usiku. Imeneyo ndi ntchito yathu. Tisiye maina onyoza monga "napweri". Titsutse poyera aliyense wonena kuti ziwalo za munthu ndi chizimba. Tikaona zokayikitsa tikanene kupolisi, ngakhale wokhudzidwayo atakhala mbale wathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi m'dera lathu muli anthu achialubino angati, ndipo ana awo amapita kusukulu ndi yani?
2. Nchiyani chimatilepheretsa kukachitira umboni kukhoti?
3. Ndi anthu ena ati amene amazunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena ukalamba wawo?