Batire lodzipangira: musaiwale mlonda wake

Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu cha Tete, mabanja ambiri ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano, amadalira sola pounikira ndi potchaja mafoni. Chimene chimafa msanga pa sola ndi batire, koma waluso angathe kumanga lake.

Pafunika timabatire ta LiFePO4 totchedwa 32700. Timafanana ndi mabatire akuluakulu a tochi, koma ndi totalikirapo. Kalikonse kamapereka mavolti 3.2, choncho tinayi tolumikiza mondondozana timapereka 12.8, okwanira nyali ndi wailesi za mavolti 12.

Apa mpamene ena amalakwitsa. Pofuna kusunga ndalama za mbatatesi, amasiya kachipangizo kotchedwa BMS. Kameneka ndiye mlonda: kamadula magetsi batire likadzaza, likatsala pang'ono kutheratu, kapena mawaya akagundana. Popanda mlondayu timabatire timaonongeka msanga, ndipo waya wotentha angayatse moto pansi pa denga la udzu.

Musasakanize tatsopano ndi takale. Ikani fyuzi, ndipo sungani batire pouma, patali ndi mbaula ndi ana. Mtengo wa BMS sungafike pa mtengo wa nyumba.