“Ukusowa Chiyani?” Za Kuvutika Maganizo Zinthu Zikuyenda Bwino

Ntchito ilipo, malipiro akubwera mwezi ndi mwezi, ana ali pasukulu, m'banja mulibe phokoso. Koma kukacha, munthu akulephera kudzuka. Zimene ankazikonda, kaya mpira, kwaya kapena macheza apakhonde, sizikumukomeranso. Akayesa kuuza mnzake, yankho limakhala lija tonse timalidziwa: “Iwe ukusowa chiyani? Anzako akugona ndi njala.” Funso limeneli latseka pakamwa odwala ambiri, ndipo ine ndimaliona ngati limodzi mwa zinthu zimene zimachedwetsa chithandizo.

Chisoni n'china, matenda n'china

Chisoni chili ndi chifukwa chake: maliro, kutha kwa ntchito, kutha kwa chibwenzi. Chimabwera, chimachepa, ndipo pakatipakati munthu amatha kuseka. Matenda ovutika maganizo sakhala choncho. Madokotala amayamba kuwaganizira ngati kwa masabata 2 kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, munthu akukhala wokhumudwa kapena wopanda chidwi ndi chilichonse. Pamwamba pa izi pamakhala zizindikiro zina: kusowa tulo kapena kugona mopitirira, kusafuna kudya kapena kudya kwambiri, kutopa popanda ntchito yolemetsa, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziona wachabechabe, ndi kuganiza za imfa.

Onani kuti pamndandandawu palibe pamene pakufunsidwa za ndalama, nyumba kapena udindo. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo muli olemera ndi osauka omwe. Umphawi, nkhanza ndi ulova zimawonjezera chiopsezo, n'zoona, koma kusakhalapo kwake si chitetezo.

Palinso mtundu wina umene suchita kumugwetsa munthu. Amapitabe kuntchito, amalipira fizi, amafika pamaliro ndi paukwati, koma kwa zaka 2 kapena kuposa amakhala wosakondwa masiku ambiri. Woteroyo amafika poganiza kuti ndi mmene anabadwira.

Chaka chimene Iniesta anapambana zonse

Okonda mpira amakumbukira chigoli cha Andrés Iniesta ku Johannesburg mu 2010, chimene chinapatsa Spain chikho cha dziko lonse. Ochepa ndi amene amadziwa zimene anadutsamo chaka chimodzi m'mbuyomo. Mu 2009 timu yake ya Barcelona inatenga ligi, Copa del Rey ndi Champions League. Chaka chomwecho iye anayamba kumva kuti m'kati mwake mulibe kanthu. Anavulala, kenako mu Ogasiti mnzake wapamtima Dani Jarque wa Espanyol anamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima, zinthu n'kufika poipa. Iniesta mwiniwake wafotokozapo poyera kuti anafunika thandizo la akatswiri a maganizo. Tyson Fury nayenso anagwa m'matendawa atangogonjetsa Wladimir Klitschko mu 2015 n'kukhala katswiri wa nkhonya padziko lonse.

Nkhani za anthuwa zikutionetsa chinthu chimene timachiiwala. Munthu akakhala zaka zambiri akuthamangira chinthu chimodzi, kaya digiri, nyumba kapena ulendo wakunja, amadziuza kuti akachipeza adzapuma. Akachipeza n'kuona kuti mumtima simunasinthe, amasowa pogwira. Poyamba anali ndi chonamizira. Tsopano watsala yekha ndi ululu wake.

Nanga zimachokera kuti?

Palibe gwero limodzi. Kafukufuku wa mapasa akusonyeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chiopsezo n'lakumtundu. Zowawa za paubwana, monga kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kukula ulibe wokusamala, zimatha kutulukira munthu atakula ndiponso atakhazikika. Kutopa kwa nthawi yaitali kumadyanso munthu pang'onopang'ono, makamaka uja amene mudzi wonse ukudalira malipiro ake: fizi ya ana a achemwali, feteleza wa amayi, bokosi pamaliro aliwonse.

Nthawi zina vuto limayambira m'thupi. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka, magazi akachepa, kapena munthu akakhala ndi matenda okhalitsa monga shuga, zizindikiro zake zimafanana kapena kuyendera limodzi ndi za maganizo. N'chifukwa chake kuyezetsa magazi si kutaya nthawi. WHO imanenanso kuti amayi oposa 10 pa 100 aliwonse oyembekezera kapena amene angobereka kumene amavutika maganizo, nthawi imene aliyense akuwayembekezera kuti azingosangalala. Abale athu a ku Britain ali ndi lawo: mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, ndipo kuchepa kwa kuwala kumadwalitsa ena chaka ndi chaka. Mowa nawo umagonetsa lero, mawa n'kuwonjezera vuto.

Mwina munamvapo kuti zonse zimayamba chifukwa cha kuchepa kwa serotonin mu ubongo. Mfundo imeneyi ndi yophweka mopitirira, ndipo mu 2022 akatswiri ena atasanthula kafukufuku wambiri sanapeze umboni wokhazikika woti ndi choncho. Izi sizikutanthauza kuti mankhwala sagwira ntchito. Amathandiza anthu ambiri, makamaka matenda akakula.

Chifukwa chake amabisa

Wosauka akadandaula timamumvetsa. Wopeza bwino akadandaula timati wakhuta. Kutchalitchi amuuza kuti athokoze Mulungu, kunyumba amukumbutsa kuti mwamuna salira, ndipo ena amanong'onezana kuti walodzedwa kapena anakhwimira chuma. Choncho pa matenda pamabwera katundu wachiwiri, manyazi: “Ndine wosayamika.” Komatu kudziimba mlandu n'chimodzi mwa zizindikiro za matenda omwewa, ndiye tikamamunyoza timakhala tikuwadyetsa. Munthu wodwala BP sitimufunsa kuti akusowa chiyani. Timamuuza kuti apite akayezetse.

Chithandizo

Poyambira ndi pachipatala chapafupi. Pali mafunso 9 otchedwa PHQ-9, amene alipo ndi m'Chichewa, othandiza wachipatala kuona kukula kwa vuto. Akatswiri amapezeka ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Chainama Hills ku Lusaka, koma ambiri safunika kugonekedwa n'komwe.

Uphungu umathandiza, ndipo suchita kufuna dokotala wamkulu nthawi zonse. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu kusanthula mavuto awo limodzilimodzi. Kafukufuku wa mu 2016 wa ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, anapeza kuti patatha miyezi 6, pafupifupi 14 pa 100 aliwonse amene anakhala pabenchipo ndi amene anali adakali ndi zizindikiro, poyerekeza ndi theka la amene analandira chithandizo chamasiku onse.

Mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline amatenga masabata angapo asanayambe kuoneka mphamvu yake, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi kapena tsiku limene mwayamba kupeza bwino. Ngati munakhalapo ndi nyengo ya mphamvu zopitirira, osagona koma osatopa, ndalama n'kumangomwaza, muuzeni dokotala, chifukwa amenewo angakhale matenda ena ofuna mankhwala ena.

Pamene sipafunika kudikira

Munthu akayamba kunena kuti bola kufa, kugawa katundu wake, kapena kutsanzika mwachilendo, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe, mapilitsi ndi zingwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale atakuuzani kuti mawa ali ndi msonkhano kuntchito.