Zikopa za Asilikali a Pakavalo Zili ndi Ozifuna

Kuno kwathu kavalo ndi nyama yacilendo. Kashembe ndi matenda ena anam'letsa kuswana m'madela ambili, cotelo oculuka a ife tinakula osaonapo cishalo ndi maso. Koma ku Mangalande ndi ku Amerika kuli anthu amene amataya ndalama zao kufunafuna zishalo zakale, zingwe za pakamwa pa kavalo, malamba ndi matumba a zipolopolo, zimene asilikali okwela pa akavalo anali kupita nazo kunkhondo.

Cimodzi mwa zimene amazifuna ndi cishalo ca asilikali a Britain ca m'caka ca 1902, cochedwa Universal Pattern. Amisili anaika matabwa awili kuti agone uku ndi uku kwa msana wa kavalo, nawalumikiza ndi zitsulo zopindika, cina kutsogolo cina kumbuyo. Cikopa cokhalapo munthu cimalenjekeka pakati pa zitsulozo, kotelo kuti kulemela kwa msilikali sikukhudza fupa la msana. Kusamala kotele kunali kofunika ndithu, pakuti pankhondo ya Mabunu ya 1899 mpaka 1902 gulu la Britain linataya akavalo oposa 300,000, ambili a iwo cifukwa ca njala, matenda ndi kutopa.

Lamba lochedwa Sam Browne nalonso lili ndi mbili yake. Mkulu wa asilikali wa dzina limeneli anaduka dzanja lamanzele pankhondo ku India mu 1858, ndipo anakonza lamba lokhala ndi cingwe codutsa paphewa kuti adzitha kusolola lupanga ndi dzanja limodzi.

Wogula wocenjela sayang'ana kunyezimila. Amatembenuza cikopa kufuna zidindo: dzina la wopanga, caka, nambala ya gulu, ndi kacizindikilo konga mutu wa muvi kosonyeza kuti katunduyo anali wa Boma la Britain. Zimenezi ndizo mboni, pakuti ocita cinyengo amasoka zatsopano ndi kuzidetsa dala kuti zioneke zakale.

Mdani mmodzi wa zikopazi ndi utsi wa malasha. Cikopa cofufutidwa ndi makungwa a mitengo cikamwa mpweya wa utsiwo kwa zaka zambili cimafiila ndi kuyoyoka ngati fumbi la njelwa, ndipo cikafika pamenepo sicibwelelanso. Mdani wina, codabwitsa, ndi mwini wake. Poona cikopa cauma, munthu amacimvela cisoni, nacithila mafuta oculuka. Mafutawo amacidetsa, amafooketsa ulusi wosokela, amaitana fumbi ndi nkhungu, ndiponso amabala dzimbili lobiliwila pa zomangila za mkuwa. Wina amapukuta mwamphamvu mpaka cidindo ca caka cimafafanizika. Ife tiona kuti ameneyu waononga koposa njenjete. Akatswili a m'nyumba zosungila zakale amangocotsa fumbi ndi bulashi yofewa, nasunga cikopaco kutali ndi dzuwa ndi cinyezi.

Asilikali athu a Northern Rhodesia Regiment amene anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944 sanali okwela pa akavalo ai, koma cikopa ndi cimodzimodzi. Ngati m'sanduku la ambuye anu muli lamba kapena cikwama cimene anabwela naco, musacipake mafuta ophikila kapena a njinga. Cikulungeni m'nsalu yoyela ya thonje, osati m'pulasitiki, ndipo muciike pamwamba pamene ciswe ndi makoswe sangafike.