Tomasi ndi anthu amene sanaone nkhope

Lamulungu la pa 12 April 2026, Akatolika a ku Chimwankhunda mumzinda wa Blantyre, monganso anzawo padziko lonse, anamva nkhani ya Tomasi yochokera pa Yohane 20:19-31. Mawerengo ambiri a pa Misa amasinthasintha pa zaka zitatu zotchedwa A, B ndi C, koma nkhaniyi sisuntha: imabwera chaka chilichonse pa Lamulungu lachiwiri la Pasaka, tsiku limene Papa John Paul II analitcha la Chifundo cha Mulungu m'chaka cha 2000.

Ambiri amamudziwa Tomasi ngati munthu wokayika, ndipo dzina lake linasanduka chitonzo cha aliyense wovuta kukhulupirira. Komabe Yohane yemweyo, m'mutu 11, akumuonetsa akulimbikitsa anzake kuti apite ndi Yesu ku Yudeya ngakhale kutakhala kukafa naye. Sanali wamantha.

Chimene chinamusowa chikumveka bwino poganizira maliro a kuno kwathu. Bokosi lisanatsekedwe pamakhala mwambo woona nkhope, ndipo wachibale wochokera kutali amadikiridwa, pakuti mtima suvomereza msanga imfa imene maso sanaione. Malinga ndi Yohane 19, amene anaika Yesu m'manda ndi Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo. Tomasi satchulidwa pamtanda, satchulidwanso kumanda. Anamva za imfa, kenako anamva za kuuka, zonse za m'kamwa mwa ena. N'chifukwa chake sanapemphe chozizwitsa. Anapempha mabala: pamene panalowa misomali ndi pamene panalasa mkondo.

Kutsinde kwa phiri la Soche pempho lotere si lachilendo. Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 March 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inagumula phirili, ndipo matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe, Manja ndi Chimwankhunda. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya Dodma inalengeza kuti m'dziko muno munafa anthu oposa 670, pomwe ena oposa 500 anasowa. Mabanja a osowawo sanaone nkhope, ndipo alibe manda oti akalambule. Patangotha masabata asanu, pa 16 April, nkhani ya Tomasi inawerengedwa m'matchalitchi a m'derali.

Akatswiri ambiri a Baibulo amati Yohane analemba cha m'ma 90 mpaka 100, mboni zoona ndi maso zitayamba kutha. Owerenga ake oyamba anali ngati Tomasi pa sabata ija yodikira: anali ndi mawu a anzawo basi. Choncho madalitso amene Yesu akupereka kwa okhulupirira asanaone sakunyoza Tomasi. Akulozera kwa iwo amene sadzakhala ndi mwayi wake.

Pali zinthu ziwiri zimene ulaliki wothamanga umadumpha. Choyamba, Tomasi anakana umboni wa anzake kwa sabata yathunthu, koma iwo sanamuchotse pagulu, ndipo Yesu atabweranso anamupeza ali m'nyumba momwemo. Chachiwiri, thupi louka lija linali ndi mabala ake. Kuuka sikunafafanize zimene zinachitika Lachisanu. Yohane sanenanso n'komwe ngati Tomasi anakhudzadi mabalawo, ngakhale ojambula zithunzi amakonda kumuonetsa atapisa chala.

M'nyengo ya Pasaka mawu oyamba sachokera m'Chipangano Chakale monga masiku ena, koma m'buku la Ntchito za Atumwi, limene owerenga Buku Lopatulika amalidziwa kuti Machitidwe. Chaka cha 2026 ndi chaka A, monga zinalili mu 2023, ndipo ndime yake ndi 2:42-47: okhulupirira oyamba ankagulitsa katundu wawo, n'kugawana ndalamazo malinga ndi kusowa kwa aliyense, ndipo ankadyera pamodzi m'makomo. Kuika ndimeyi pambali pa ya Tomasi kuli ndi cholinga. Amene sangaone mabala a Yesu angathe kuona momwe omutsatira akukhalira. Anthu amene anathawira pa sukulu za Naotcha ndi Manja anaona zofanana ndi zimenezi pamene mipingo ndi anthu wamba anabweretsa ufa, zofunda ndi zovala, ena a iwo nawonso ali osowa.

Koma Luka, mlembi wa bukuli, sabisa kuti kugawana kuli ndi mavuto ake. M'mutu 5, Ananiya ndi Safira akubisa gawo la ndalama za munda. M'mutu 6, Akhristu olankhula Chigriki akudandaula kuti amayi awo amasiye akudumphidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, dandaulo limene aliyense amene anaimapo pamzere wa thandizo angalizindikire. Atumwi sanawadzudzule odandaulawo. Anauza gulu kuti lisankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino oti aziyang'anira kagawidweko, ndipo onse amene anasankhidwa anali ndi mayina a Chigriki. Ndime imeneyi imawerengedwa pa Lamulungu lachisanu la Pasaka m'chaka A.