Bowa Wobzala Pansi pa Mtengo wa Mango

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata mumaoneka amai ndi ana atanyamula mbale zodzaza ndi bowa. Nyengo imeneyi ndi yokondweretsa, koma sikhalitsa. Mvula ikatha bowa amakhala atatha, ndipo m'midzi imene nkhalango zadulidwa cifukwa ca makala ndi minda yatsopano, amai amayenda mtunda wautali kuposa kale asanadzaze lichero limodzi.

Alimi ambiri amafunsa cifukwa cace ndelema, amene anthu a kumpoto amamucha tente, sangabzalidwe kuseri kwa nyumba monga mpiru. Yankho lace liri pansi pa nthaka. Ndelema ndi manyame amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo yamoyo monga mombo, mtondo ndi msuku. Mtengo umapatsa bowa cakudya, ndipo bowa amathandiza mizu kutenga madzi ndi mcere wa m'nthaka. Mtengo ukadulidwa, bowa nayenso amasiya kumera. Bowa wa paculu ali ndi eni ace ena, ndiwo ciswe, cimene cimamulima mkati mwa culu momwemo. Wamkulu mwa onse a mtundu umenewu amapezeka muno m'Zambia, ndipo akatswiri David Pegler ndi Graham Piearce anamulemba m'mabuku a sayansi mu 1980. Cisoti cace cimatha kufika mita imodzi m'lifupi, koma munthu sangathe kumubzala m'dimba.

Pali bowa wina amene safuna mtengo wamoyo kapena culu. Amachedwa oyisitala, ndipo amadya zomera zakufa: mapesi ndi zitsononkho za cimanga, makoko a nshawa, masamba ouma a nthoci, mapesi a mpunga ndi zotsalira za thonje. Izi ndi zinthu zimene zimatenthedwa m'minda ya ku Katete ndi ku Petauke caka ndi caka kukolola kukatha.

Mbeu yace siitoledwa kuthengo. Imapangidwa m'zipinda zaukhondo, kawirikawiri pa njere za mapira, ndipo imagulitsidwa m'mabotolo kapena m'timatumba. Alangizi a zamalimidwe angathe kuuza mlimi kumene angaigule. Mbeu yabwino imakhala yoyera ponseponse ndipo imanunkhira bowa. Ikakhala ndi madontho obiriwira kapena akuda, kapena ikamveka kusasa, njoonongeka. Isungidwe pozizira ndi kubzalidwa msanga.

Malo oyenera ndi a mthunzi wa tsiku lonse, monga pansi pa mango kapena pakati pa nthoci, kumene mphepo siomba kwambiri ndipo madzi a mvula sadikha. Ngati mthunzi ukucepa, kacisakasa ka udzu kamakwanira. Bedi la mamita 2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lokwana kwa woyamba kumene.

Nchito imene ambiri amaipeputsa ndiyo yokonza mapesi, ndipo pamenepa ndi pamene ulimi wonse umapulumukira kapena kufera. Mapesi ayenera kukhala ouma, osaola, odulidwa tizidutswa ta masentimita 3 mpaka 5. Amaviikidwa m'madzi usiku wonse, kenaka amaikidwa m'thumba ndi kumizidwa mu mgolo wa madzi otentha kwambiri, a madigiri 70 kapena 80, kwa ola limodzi kapena awiri. Kutenthako kumapha cuku ndi tizirombo timene tikadalanda cakudya ca bowa. Mgolo umene munali mankhwala kapena mafuta a galimoto usagwiritsidwe nchito. Mapesiwo akazizira, mlimi afinye m'dzanja: patuluke madontho ocepa cabe. Akacuca madzi amaola, ndipo akathiridwa mbeu ali otentha mbeuyo imafa.

Atasamba m'manja ndi sopo, mlimi amayala pulasitiki yoboola timabowo pansi, nayala mapesi, nawaza mbeu, nayalanso mapesi ena, mpaka bedi litafika masentimita 20 kapena 25. Kilogalamu imodzi ya mbeu imakwanira makilogalamu 10 mpaka 15 a mapesi onyowa. Panja sipofunika kuumira mbeu, pakuti mbeu yocuruka imalanda bedi cuku cisanalowe. Pamwamba amafunditsapo pulasitiki kapena masaka ocapa bwino.

Kwa masabata atatu kapena anai palibe cooneka kunja, ndipo wosapirira amabvundukula tsiku liri lonse, nalowetsa pfumbi ndi nchenche. Mkati timaulusi toyera timakhala tikufalikira mpaka mapesi onse atagwirana ngati mkate. Pamenepo cofunda cimacotsedwa kuti mpweya ndi kuwala pang'ono zilowe, ndipo kuthirira kumayamba: madzi oyera, owaza mopepuka kawiri kapena katatu pa tsiku, osati kukhuthula ndowa. Timitu ting'onoting'ono tikaturuka, bowa amakhwima m'masiku 4 mpaka 6. Azulidwe tsango lonse mopotokola, m'mphepete mwa cisoti musanatambasuke. Bedi likapuma sabata imodzi kapena awiri limaberekanso, kawiri kapena katatu, ngakhale kuti zokolola zimanka zicepa.

Mdani wamkulu wa bedi la panja ndi ciswe, cimene cingathe kumaliza mapesi bowa asanaoneke. Kumene culu ciri pafupi, ndi bwino kukweza bedi pa thandala ndi kuimika miyendo yace m'zitini za madzi. Nkhuku ndi mbuzi zimafuna mpanda, nkhono zimatoledwa ndi manja madzulo, ndipo pamene pamera cuku cobiriwira pacotsedwe msanga ndi kukwiriridwa kutali. Mankhwala a mbozi za thonje asayandikire bedi, cifukwa bowa amayamwa zonse zimene zamugwera. Kutentha kwa Okutobala, makamaka m'cigwa ca Luangwa, kumaumitsa bedi, ndipo cisanu ca Juni cimacedwetsa kumera. Nthawi yabwino yoyesera ndi Epulo ndi Meyi, mapesi atangouma.

Popeza bedi liri panja, nthawi zina pamamera bowa wina amene sanabzalidwe. Oyisitala amamera m'matsango, kamwendo kace nkakafupi ndipo kamakhala cakumbali, mizera ya kunsi kwa cisoti imatsikira pa kamwendoko. Wosiyana ndi ameneyu azulidwe ndi kutayidwa kumene ana sangamtole. Cikhulupiriro cakuti bowa wodyedwa ndi tizirombo kapena anyani ndi wabwino kwa munthu ncabodza, ndipo poizoni wa mitundu ina satha ngakhale mphika uwire cotani.

Oyisitala sakhalitsa akazulidwa. M'masiku awiri kapena atatu amafota. Wotsala pa ndiwo ndi pa malonda ang'ambidwe ndi kuyanikidwa padzuwa, monga momwe amai amacitira ndi bowa wa kuthengo, kuti adzatendere ndi nshawa m'cilimwe. Mapesi otsala m'bedi ndi manyowa abwino a tomato ndi repu.